Mchira wa Roketi ya Meirzhan

Mwamuna wanga Meirzhan anamwalira atasiya roketi yake ili zidutswazidutswa patebulo la m'khitchini. Munthu ameneyo! Ntchito yake ya kunjanji ankaigwira bwinobwino, koma akangoweruka, basi guluu ndi makatoni. Kuno ku Toretam tonse tinakula tikuona maroketi enieni akukwera kumwamba, ena tonse tinazolowera, koma wanga yekha matendawo sanachire. Ankapanga ting'onoting'ono, totalika ngati mkono, n'kumakatiulutsa kutchire Loweruka ndi anzake a kukalabu.

Yomalizayi ankati ndi yanga. "Ikadzauluka imeneyi, Ulbosyn, udzasiya kundinyoza." Ine n'kumuyankha kuti, "Tachotsani zinyalala zanuzi, ndikufuna kukanda ufa." Mlungu usanathe mtima wake unaima ali kuntchito.

Ndiye ndinalumbira kuti pa mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirireni iye, alendo akadya n'kupemphera, roketiyo iuluka, zivute zitani.

Ndinali nditamuonerera kokwanira, ngakhale ndinkaonerera ndikulalata. Kachubu kolowamo injini ndinakaveka mphete ziwiri za katoni, ndi kawaya kogwira injiniyo kuti isasolokere kumbuyo. Ndinapaka guluu m'kati mwa thupi la roketi n'kukankha kamodzi, osaima, chifukwa ukangokayika panjira guluu amagwira pomwepo, ntchito yonse yawonongeka. Kanalowa bwino. Ndinalira, poti panalibe woti ndimuonetse.

Zipsepse ndiye zinandizunza. Timatabwa titatu topepuka, kalikonse kayenera kuima chilili pamzere wake, ndipo uzikagwira mpaka guluu aume. Ndimate, kapendekeka. Ndichotse, ndipale, ndimatenso, kapendekekanso. Ndinatukwana roketi, ndinatukwana mwini wake.

Apongozi anga aamuna, a Kuanysh, anandipeza ndili pamenepo. Anali atafika dzulo lake kuchokera kumudzi kudzakonzekera mwambo. Nkhalamba youma mtima ngati imeneyo sindinaionepo. Kumanda sanagwetse msozi. Mwana wawo ali moyo ankamuchititsa manyazi pamaso pa alendo, ati mwamuna wa ndevu zake kumaseweretsa zidole, mpaka Meirzhan anasiya kupita kwawo.

Ndinafuna kuphimba roketiyo ndi nsalu, koma anali ataona kale.

"Nawenso wayamba misala yomweyi?"

"Ndikungomalizitsa, bambo."

Anakhala pansi, ndinawathirira tiyi wamkaka. Sanamwe. Anangoyang'ana manja anga mpaka anatopa nawo.

"Bweretsa kuno, mwana iwe. Ukugwira ngati ukuopa kuti chikuluma."

Anagwira kathabwako ndi zala zawo zokhakhalazo, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Choyamba chinauma chili chowongoka. Ndinapaka guluu chachiwiri, anagwiranso.

"Zidole zakezi ankapita nazo kutali?"

"Kuseri kwa njanji uko, kopanda nyumba."

"Zinkamumvera?"

"Zambiri. Zina zinkathawa ndi mphepo, ndiye ankazithamangira ngati mwana, kubwera nsapato zodzaza mchenga."

Anaseka pang'ono m'mphuno, kenako nkhope inabwerera mwakale. Pa chachitatu anafunsa kuti timatabwati ntchito yake n'chiyani.

"Ndi mchira wake, bambo. Popanda umenewu siiwongoka. Imangopidiguka n'kugwa."

"Mchira," anatero.

Zitauma zonse ndinaiimika patebulo. Inaima bwino, abale, yokongola, mwini wake akanadumpha. Ndinapita kukatsitsa mphika wa nyama pamoto, mtima uli mbee koyamba chimwalirireni iye. Pobwera ndinapeza apongozi atatulutsa mpeni wawo wam'lamba. Chipsepse chimodzi chinali kale pansi, akucheka chachiwiri.

Ndinakuwa. Ine amene sindinakwezepo mawu pamaso pawo chikwatiwire, ndinakuwa mpaka oyandikana nafe anamva.

"Mukutani? Munamuvutitsa ali moyo, simunakhutire? Nditani nayo tsopano? Siiulukanso!"

"Siiyenera kuuluka."

Anamaliza kudula chachitatu, mosamala, osakanda thupi lake. Kenako anatola timatabwa tonse n'kutifumbata.

"Bambo anga atamwalira, ndinadula mchira wa hatchi yawo ndi mpeni womwewu," anatero. "Achimwene anga atamwalira, chimodzimodzi. Hatchi ya mwamuna womwalira saikwera munthu wina, ukudziwa iwe. Imayenda yodula mchira kuti aliyense aone kuti mwini wake kulibe." Anayang'ana timatabwa tija m'dzanja lawo. "Masiku onsewa ndimavutika kuti mwana wanga wapita ngati mlendo, wopanda chomusiyira chizindikiro. Kani hatchi yake inali patebulo pano."

Mkwiyo wanga sunathe, ndisaname. Ndinkafuna iuluke, ndinkafuna ndiyang'ane kumwamba ndimuuze kuti ndasiya kumunyoza. Koma ndikanalanda bwanji m'manja mwa nkhalamba imene yangovomera mwana wake lero, atapita kale?

Anainyamula roketi ija n'kuigoneka pamiyendo pawo, n'kumaisisita pomwe panali zipsepse, chala chikutsata mizere ya guluu. Ndipo anayamba kulira mokweza, kukamwa kuli yasa, akuitana Meirzhan ndi dzina lake la paubwana limene ine sindinalimvepo.