Komiti Inatsegula Kabotolo

A Mabotolo, tekinishani wa mu labu, anakweza kabotoloko pawindo n'kukagwedeza. Anakagwedezanso.

Madamu anaima kumbuyo kwawo, magolovesi ali kale m'manja. Anali mphunzitsi wa sekondale amene anabwera ku yunivesite kudzachita digiri yachiwiri. Tchuthi cha maphunziro anamuwonjezera kawiri. Kachitatu anamukaniza. Anatsala ndi masabata awiri, ndi ntchito imodzi yomaliza pa kafukufuku wake: kulumikiza mankhwala awiri kuti akhale amodzi. Popanda zimenezo, digiri panalibe. Ndipo ntchitoyo inkafuna ufa wa m'kabotolomo, wotchedwa tetrakisi, umene anaudikira miyezi isanu ndi inayi.

"Bwanji kodi, bambo?"

"Madamu, tetrakisi amaoneka bwanji?"

"Wachikasu. Wowala."

"Nanga uyu?"

Ufawo unali woderako, ngati masamba a tiyi ofulula kale. Chomatira cha pakamwa pa kabotolo chinali chong'ambika.

Anatsikira limodzi ku stolo. A Makiyi, osunga katundu, anali pampando wawo akupukuta chidindo ndi kansalu.

"Ndi ine ndinalandira," anatero monyadira. "Masabata atatu apitawo. Komiti inakhala, anthu anayi. Lamulo likuti chilichonse tione ndi maso athu."

"Munatsegula?" anafunsa a Mabotolo.

"Nanga tikanaona bwanji? Bokosi lalikulu chonchi, m'kati kabotolo ngati chala changa. Tinati atipusitsa. Tinakhuthulira papepala n'kuika pasikelo. Galamu imodzi ndendende. Anthu aja ndi okhulupirika."

"Kenako?"

"A tcheya anaitanidwa ku msonkhano. Katundu sabwezedwa m'botolo iwo asanasaine. Tinavundikira ndi sosala."

"Anabwera liti a tcheyawo?"

"Linali Lachisanu. Anabwera Lolemba."

Madamu anatsamira khoma.

A Mabotolo anavula magalasi awo. "Achimwene, mverani. Ufa uwu uli ndi chitsulo chotchedwa paladiyamu. Ntchito yake ndi ya unkhoswe. Amagwirizanitsa awiri, iye n'kuchokapo osatenga kanthu. Koma ndi nkhoswe yosachedwa kudwala. Mpweya uwu tikupumawu umamupha. Dzuwa safuna. Kutentha safuna. N'chifukwa chake opanga amachotsa mpweya m'botolo, n'kulemba kuti likhale m'firiji. Inu mwamugoneka masiku atatu pansi pa sosala."

"Kenako tinamuika pashelefu bwinobwino," anatero a Makiyi, akuloza pafupi ndi windo. "Firiji yathu inadzaza ndi za a dipatimenti ya zinyama."

"Safunsa anadya phula."

"Ine ndinafunsa. Ndinafunsa komiti." Mawu a Makiyi anatsika. "Chaka chatha ndinalandira mabotolo osatsegula. Awiri anapezeka opanda kanthu. Ntchito inatsala pang'ono kunditha. Lero ndatsegula, ndalakwanso. Munthu achite chiyani? Pepani, mayi. Sindinadziwe."

Madamu anangogwedeza mutu. Woti amukalipire panalibe.

Atabwerera mu labu, a Mabotolo anavala chotseka pamphuno n'kumupatsa Madamu china.

"Wafa kapena sanafe, fumbi lake musapume. Pakhungu asakukhudzeni. Tiyeni timusambitse, mwina pansi patsala wamoyo."

Anagwirira ntchito m'kabati yokoka mpweya. Anatsuka ufawo ndi methano, kusefa, kutsukanso. Madzi oyamba anatuluka oderako. Achitatu anayera. Papepala losefera panatsala kaufa kofiirira, kochepa, kongokwana pansonga ya mpeni.

"Akupumako," anatero a Mabotolo. "Ngati ine Lolemba m'mawa."

Madamu anaseka pang'ono, nthawi yoyamba tsikulo.

Anathira mankhwala ake awiri aja m'botolo lagalasi. Anali omaliza. Anamutengera chaka chathunthu kupanga. Anapopera naitrojeni kuti mpweya uchoke, anathira kaufako, anayatsa chotenthetsera. Madzi anayamba kuzungulira, achikasu pang'ono. Onse awiri anakhala pamipando n'kumayang'ana.

Ola lisanathe, timadontho takuda tinayamba kuyandama. Kenako galasi lonse linada m'kati ngati mwaye.

Madamu ankadziwa tanthauzo lake. Chitsulo chinali chitadzipatula, chagwa pansi, sichigwiranso ntchito. Anatengabe kadontho n'kukayeza pakapepala koyezera, pansi pa nyale yake. Panaoneka madontho awiri. Mankhwala ake aja, aliyense payekha. Dontho lachitatu, la mankhwala atsopano, panalibe.

"Tisiye mpaka mawa," anatero a Mabotolo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

M'mawa mwake madontho anali awiri omwewo.

A Mabotolo anaimbira anzawo a m'malabu ena. Woyamba anati dzinalo amangoliona m'mabuku. Wachiwiri anati anali naye, koma anada zaka zitatu zapitazo. Anaimbira a Dokotala, oyang'anira kafukufukuyo, amene anali kunja pa msonkhano. Iwo anati alembe fomu yoitanitsa wina.

"Miyezi ina isanu ndi inayi," anatero Madamu.

"Mwina isanu ndi iwiri."

"Bambo, musandinyengerere. Mwana wanga ndinamusiya kwa achemwali akukwawa. Pano akuthamanga. Amanditchula anti."

A Mabotolo anakonza mabotolo pashelefu, ngakhale anali okonzeka kale.

"Mankhwala anuwa tikhoza kuwapulumutsa," anatero patapita nthawi. "Ndiwasefa, ndikusungirani m'firiji. Mwina tsiku lina."

"Dzina langa alichotsa m'kaundula mwezi ukatha. Mupatse wina amene adzabwere." Ananyamula pepala losefera lija ndi chopanira. "Izi nditaye kuti?"

"Osati m'sinki. M'chigubu chofiira, cha zinyalala za zitsulo."

Anataya. Anavula magolovesi mosamala, kuwatembenuza, monga ankaphunzitsira ana ake. Anasamba m'manja nthawi yaitali. Kenako anatuluka pakhonde n'kuimbira ahedi a kusukulu kwake.

"Bwana, ndine. Ndiyamba Lolemba likubwerali."

"Zikomo, Madamu. Ndiye tizikutchulani chiyani tsopano? Mwabwera nayo digiri ija?"

"Ayi. Mungondiuza makalasi anga."

Ahedi anayamba kuwerenga makalasiwo. Madamu anapanira foni paphewa, n'kumalemba pachikhatho.