Banitsa Ibwera Malipiro Akakwera

Lolemba pa 3 Juni 2019, Tsanko Mutafov, mwini fakitale yoika tsabola ndi matimati m'mabotolo kunja kwa tauni ya Pazardzhik, anaima pakhomo pa ofesi yapansi n'kulengeza kuti Veselina Dragneva wakwezedwa. Achoka pa desiki yolembera magalimoto otuluka ndi katundu, akhala wogula mbewu kwa alimi. Amene ankagwira ntchitoyo, Petkov, anali atapita ku Germany osatsanzika. Anthu anaomba m'manja. Mutafov anagwira dzanja la Veselina ndi manja ake onse awiri, namutcha mwana wake. Za malipiro sanatchule.

Veselina anali atakhala pa fakitalepo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kukwezedwa kwa pamenepo ankakudziwa mayendedwe ake. Munthu chikamugwera chabwino amadyetsa anzake. Tsiku lobadwa, tsiku lokumbukira woyera mtima wa dzina lake, galimoto yatsopano, mwana wakhoza mayeso: m'mawa mwake pa tebulo pamakhala thireyi ya banitsa, chitumbuwa chophikidwa ndi tchizi ndi batala, komanso bokosi la chokoleti ndi botolo la rakiya, kachasu wa zipatso. Wokwezedwa naye ankatero. Bwana ankatsika kudzadya nawo, namwa, nayamikira tchizi. Wokwezedwayo akakwera pamwamba kwa bwana patapita masiku kukafunsa za ndalama, ankapeza bwana atadabwa kwambiri.

"Ndalama? Si ija tinadya banitsa yako? Munthu wosakhutira sadyetsa anthu."

Kremena wa ku maakaunti anakwezedwa motero katatu. Dzina la udindo wake linatalika mpaka linasiya kukwana pa chitseko, koma malipiro ake anali omwe aja a 2014.

Choncho Lachiwiri Veselina anabwera ndi buledi wake wa nkhomaliro basi.

Stoil, dalaivala wa bwana komanso wachikulire kuposa onse ogwira ntchito, amene ankamutchula mwaulemu kuti bai Stoil, anamuchingamira pa geti, maso ali pa chikwama.

"Vesi, mwanawe, chikwamachi chikupepuka bwanji? Kapena zikubwera pambuyo pa lole?"

"Sizikubwera, bai Stoil."

"Ine kunyumba sindinadye kanthu. Ndinawauza mayi akunyumba kuti asavutike, lero kuntchito kuli nkhani."

"Kaweruzeni nawo mayiwo."

Tsiku lomwelo Veselina anakwera pamwamba kwa bwana. Ankalandira ndalama zokwana maleva 1,300 pamwezi. Petkov ankalandira 2,100, zimene anamuuza Kremena pomunong'oneza kuchimbudzi. Veselina anapempha kuti amuwonjezere 600, ndipo ananena chiwerengerocho ali chiimire, asanapatsidwe mpando.

Mutafov anaseka ngati mdzukulu wake wanena mawu atsopano.

"Khala pansi, mwana wanga. Ife pano ndife banja. M'banja sitiyamba ndi ndalama."

"Kwathu timayamba nazo, bwana, pa 5 mwezi uliwonse. Eni nyumba amabwera kudzatenga lendi."

Bwana anatchula zimene anali atamukonzera: foni ya kampani, mpando wokhala ndi potsamira manja, makadi olembedwa dzina lake m'zinenero ziwiri. Anatchulanso chidziwitso, chimene anati ena amachilipirira ku yunivesite koma iye adzachipeza chaulere. Veselina anabwereza 600. Bwana anatsegula kalendala, nausa moyo, nati Lachisanu pa 28 adzakhala pansi bwinobwino. Sanade nkhawa. Ankadziwa kuti ntchito yofewetsa munthu imagwiridwa ndi a pansi, ndipo iwo saipempherera malipiro.

A pansi anayambadi. Wina akapita kukatenga khofi ankafunsa aliyense kupatula Veselina. Amayi a ku makina otsuka mabotolo ankamupatsa moni wa "Mwadzuka bwanji, akuluakulu," n'kuweramira pansi. Wina anasiya pa desiki pake chokoleti chimodzi chodyedwa theka.

"Ngakhale kabokosi kakang'ono, Vesi," anatero Kremena. "Ka maleva asanu. Anthu akulankhula."

"Iwe unabweretsa mathireyi angati?"

"Awiri. Ulendo uliwonse."

"Ndiye?"

Kremena anayang'ana chitseko chake. "Koma palibe anandinenapo kuti ndine woumira."

Sabata yachiwiri Veselina anaimirira pa nthawi ya nkhomaliro n'kulankhula poyera. Anati banitsa ilipo, ya amayi ake, imene onse ankaidziwa kukoma kwake. Idzabwera tsiku limene bwana adzasaine malipiro atsopano. Amene ali ndi njala akudziwa kumene kuli masitepe.

Zinthu zinatembenuka. Mutafov akamadutsa pabwalo, woyendetsa makina onyamulira katundu ankafuula kuti, "Bwana, mwasaina?" Bai Stoil ankamukumbutsa m'galimoto pa maloboti alionse. Alimi a ku midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Maritsa anayamba kuimba foni kufunsa kuti mtengo wa matimati akambirana ndi ndani chaka chino, poti fakitale ina ya ku Plovdiv inali itayamba kale kuzungulira m'minda. Veselina ankawayankha mwaulemu kuti iye ndi wolemba magalimoto. Bwana anayamba kudzera khomo lakumbuyo.

Chimene Veselina sanachiwerengere ndi mkazi wa bai Stoil, amene ankagula tchizi pa benchi imodzi ndi amayi ake a Veselina, a Donka, pa msika wa Loweruka. Foni inalira Loweruka lomwelo masana.

"Ndamva kumsika, pamaso pa anthu, kuti mwana wanga wakwezedwa. Ine mayi wake ndamva kwa mkazi wa dalaivala! Ndipo akuti milungu itatu anthu sanalawe ngakhale nyenyeswa."

"Amayi, ndi dala. Ndikadyetsa anthu tsopano, ndalama sindiziona."

"Bambo ako anagulitsa njinga kuti adyetse msewu wonse tsiku limene unabadwa. Njinga! Ankapita kuntchito wapansi mpaka chisanu chinatha."

"Ndikudziwa, amayi. Dikirani mpaka Lachisanu. Ndapota nanu."

"Chabwino," anatero a Donka, n'kudula foni. Veselina anaidziwa "chabwino" ameneyo, koma anadzinamiza kuti mwina ndi ukalamba wasintha tanthauzo.

Lachisanu pa 28, kukumana kwa Veselina ndi bwana kunali kwa 10 koloko. Itangokwana hafu pasiti naini, takisi yachikasu inaima pa geti. Munatuluka a Donka atavala diresi lawo la kutchalitchi, pambuyo pawo woyendetsa takisi atasenza mathireyi anayi okutidwa ndi nsalu. Fungo la batala linalowa mu ofesi iwo asanalowe. Anthu anasiya ntchito popanda wowauza. Mutafov, amene bondo linkamuvuta pa masitepe chaka chonse, anatsika ngati mnyamata.

"Mayi Dragneva! Mwatilemekeza." Anawapsompsona dzanja.

"Mukhululuke, bambo Mutafov, zachedwa. Ana a masiku ano saganiza. Koma ntchito amaikonda mwanayu. Ngakhale yaulere angagwire."

"Ndimadziwa, mayi, ndimadziwa," anatero bwana, akuyang'ana Veselina mwachikondi. Anatenga chidutswa chachikulu n'kuluma.

Veselina anaima pafupi ndi makina a khofi. Anaona 600 yake ikutafunidwa. Bai Stoil anali atatulutsa kale rakiya m'thumba la a Donka ndipo ankathira m'timakapu ta pulasitiki. Anam'patsa kamodzi.

"Eya, mwini phwando," anatero Stoil. "Tiuze tikumwera chiyani, kuti tidziwe choyamikira."

Ndi mwambo umenewo, palibe amamwa wodyetsayo asananene chifukwa. Onse anakweza timakapu n'kudikira. Veselina anayang'ana amayi ake, nayang'ana bwana, amene masaya ake anali odzaza.

"Tikumwera desiki yanga yakale," anatero. "Udindo uja ndaukana. Ndikhalabe pa magalimoto, pa malipiro anga omwe aja, ndipo ndine wokhutira kwambiri. Idyani, abale."

Bai Stoil, amene sankalola kuti rakiya ifunde m'manja pa chifukwa chilichonse, anati, "Ukhale ndi moyo wautali pa desikipo!" namwa. Ena onse anamwa nawo. A Donka anafunsa Kremena chimene chanenedwa.

Mutafov anameza movutikira. Matimati oyamba anali oti afika pasanathe mwezi, ndipo panalibe mlimi ndi mmodzi yemwe amene anali atagwirizana naye mtengo. Anayang'ana Kremena, kuti mwina iye atenge udindowo.

"Pa chitseko changa malo anatha, bwana," anatero Kremena.

Anayang'ana bai Stoil.

"Ine shuga, bwana. Adokotala anandiletsa kuima padzuwa." Anatenga chidutswa chachiwiri.

"Dragneva," anatero bwana, osatinso mwana wanga. "Pamwamba."

Anakhalamo nthawi yaitali. Amene anali pansi ankamva mawu a bwana akukwera, akutsika, akutchula mtengo wa magetsi, wa mabotolo, wa zivindikiro, ndi kusayamika kwa m'badwo uno. Mawu a Veselina sankamveka kwenikweni, poti ankangonena chiwerengero. Bwana anayambira pa 100. Veselina anatsika kufika pa 500. Bwana anati 250, ndipo foni ya kampani iiwalike. Veselina anati foni ali nayo kale yake. Anakumana pa 350, kuyambira pa 1 Ogasiti, ngakhale ntchito yatsopanoyo inali yoti iyambe Lolemba. Mwezi wa Julayi bwana anautcha woyeserera. Veselina sanadzuke mpaka Kremena ataitanidwa, nalemba pepala, bwana nasaina. Pa ngodya ya pepalalo panatsala chala cha mafuta.

Potuluka, Kremena anamukoka dzanja m'khonde.

"Ndiye munthu ungathe kungokana?"

"Zikuoneka choncho."

Kremena anaima kanthawi akuyang'ana chitseko cha bwana, kenako anatsika masitepe.

Pansi mathireyi anali atayera. Bai Stoil anamudikira, akutsuka m'mano ndi kamtengo ka machesi.

"Wavomera?"

"Ndavomera."

"Zikomo kwambiri, tasangalala. Ndiye ibwera liti?"

"Chiyani?"

"Banitsa. Ija tadya inali ya kukana, unanena wekha, tonse tinamva. Ya kuvomera sitinaione. Ndipo a ku makina otsuka mabotolo sanakhute, uwonjezere thireyi."

Veselina anapita kwa amayi ake, amene ankapukuta mathireyi ndi nsalu n'kuwasanjikiza. Kremena anali atawafotokozera za kukana kuja, kawiri.

"Akupatsa zingati?" anafunsa a Donka.

"350."

"Iwe unkafuna zingati?"

"600."

A Donka anapukusa mutu, namanga mathireyi m'nsalu.

"Ndiwe wofatsa kwambiri, mwanawe, ngati bambo ako. Ukanalimbikira. Munthu uja amaoneka wopatsa. Ndipo undipatse ya takisi, wodikira panjayo sindinamulipire."