Mmawa Umene Sumbile Inatuluka

"Lole ndaipeza kale," anatero Serik, akupukuta mafuta a nkhosa m'manja. "Mawa tipasule hema, titsike."

Mng'ono wake Daulet anatembenukira kukhomo. Ankayang'ana panja, pomwe kavalo wa malemu bambo awo, a Tolegen, ankadya udzu, mchira utadulidwa monga amachitira mwini wake akamwalira. Serik anangobwera kuchokera kutauni kudzalira maliro. Hema, nkhosa ndi amayi zinatsalira Daulet, poti ndiye chitsirizira. Inamutsaliranso ntchito imene inkamusowetsa mtendere. Mabanja onse a m'phirimo sankasamukira kumsipu wa kumtsinje mpaka a Tolegen atalengeza kuti nyenyezi ya Sumbile yaoneka. Tsopano maso onse anali pa iye, ndipo ankaopa kuchititsa manyazi dzina la bambo ake.

"Sumbile sinatuluke, achimwene."

"Iwe wakalamba liti? Nyenyeziyotu ndi dzuwa lina basi, lalikulu kuposa lathuli. Kuwala kumene ukudikirako kunanyamuka zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, nkhani yakale! Komanso bambo ankachedwa kulengeza chaka chilichonse. Udzu wabwino ankayamba kudya ndi ena."

"Imwa tiyi, pakamwapo papumeko," anatero amayi awo, a Ulbolsyn, akumupatsira kambale. Serik anamwa. Munthu wophunzira amaopabe amake.

M'bandakucha Daulet anakwera pamwala umene bambo ake ankakhalapo. Amayi anamutsatira pang'onopang'ono, akudandaula za mawondo. Kunkazizira. Anapeza nyenyezi zitatu zondondozana, n'kutsetsereka nazo ndi maso mpaka pampata wa mapiri awiri, kum'mawa chakum'mwera. Sumbile inali pomwepo, pansi kwenikweni, yoyera mbee, ikuthwanima mofiirira kenako mobiriwira. Mtima wake unadzaza ndi chimwemwe. Anakoka mpweya kuti afuule.

Amayi anamugwira mkono.

"Ukufuna kudzutsa ndani?"

"Onse, amayi! Yatuluka!"

"Ndaiona, sindine wakhungu. Bambo ako akaiona ankatseka pakamwa."

Analoza ndi chibwano kahema kakang'ono kumapeto kwa dambo. Munkakhala a Balzhan, mayi wamasiye wopanda mwana wamwamuna, amene ankakusa tinkhosa tawo wapansi.

"Ukafuula lero, malole afika kumtsinje dzuwa lisanalowe. Balzhan akadzafika adzapeza fumbi lokhalokha. Bambo ako ankauza iye yekha, n'kudikira mpaka mayiyo atafika kumtsinje, kenako n'kukwera pano kudzafuula ngati aiona kumene. Anthu n'kumati maso awo atha. Bambo akowo ankabwera kunyumba akuseka."

"Inu munkadziwa?"

"Ndinkagona nawo hema limodzi, iwe."

Daulet anaseka, misozi ili m'maso. Zaka zonsezo nayenso ankawamvera chisoni bambo ake, kuganiza kuti ukalamba wawalanda maso.

"Nanga achimwene? Andikalipira."

"Ameneyo undisiyire. Ndimuuza kuti ndikudwala msana. Lole idikira."

Daulet anatsika mwakachetechete kuti agalu asawuwe, n'kuzungulira kuseri kwa makola. Kwa a Balzhan sikunali katundu womanga ngakhale mmodzi. Zinkaonekeratu kuti chaka chino sankayembekezera munthu. Daulet sanaodire. Anagwada n'kuyamba kumasula chingwe cha ubweya chimene chinamanga hema.

A Balzhan anatuluka akumanga mpango kumutu. Anayang'ana manja akewo, kenako kum'mawa, kumene kunali kutayamba kuyera.

"Mwana wa Tolegen," anatero chapansipansi. "Yatuluka?"

"Sindinaone kanthu, mayi," anayankha Daulet, osadzutsa mutu. "Maso angawa ndatengera bambo."

Mayiyo anayandikira. Kenako anagwada pambali pake n'kugwira mfundo yachiwiri.