Tsiku Limene Bambo Anabwera pa Galimoto

Chimene boma linkafuna kwa bambo anga chinali chaching'ono: abwere ku ofesi, akhale pampando, anene zoona. Panalibe zosenza katundu kapena kupisa m'thumba. Pankafunika pakamwa pokha basi, ndipo pakamwa ndi pamene Mulungu anawadalitsa mopyola muyeso.

Ndinali nditasankhidwa kupita ku koleji kukaphunzira zamagetsi. Amayi amachapa ndi kusita zovala za anthu. Simbi yawo inkatha kutidyetsa, koma kulipira koleji ayi. Chiyembekezo changa chonse chinali pa thandizo limene boma limapereka kwa ophunzira osowa. Mapepala ndinalemba, zithunzi ndinamata, pamzere ndinaima mpaka alonda a pa ofesiyo anayamba kundipatsa moni ngati mnzawo wa pantchito. Chinatsala chimodzi. Popeza bambo anga ali moyo ndipo ali pantchito, lamulo linkati abwere iwo eni adzanene ngati angathe kundiphunzitsa kapena ayi.

Bambowo anatisiya ine ndikuphunzira kumene kulemba dzina langa. Anakakwatira kwina n'kuberekanso ana ena. Ndi dalaivala wa bwana wina wa kampani, ndipo malipiro awo amatha mwezi usanafike pakati. Anthu amawatchula kuti a Makiyi, chifukwa sayenda osazunguza makiyi a galimoto pachala, ngakhale popita kuchimbudzi.

"Bambo akowo ndimawadziwa ine," anatero amayi, uku akuwaza madzi pa malaya a mwini wake. "Ukawauze abwere wapansi. Ndipo pakamwa pawopo ukamangepo chingwe."

"Amayi, si bambo anga amenewo? Angandiphe?"

"Kupha sangakuphe. Angodzitama basi."

Ndinawapeza kunyumba kwa bwana wawo akutsuka galimoto, alibe nsapato, buluku atalipinda mpaka m'mawondo. Ndinawafotokozera zonse mwakachetechete. Anamvetsera mpaka siponji inasiya kudontha m'manja mwawo.

"Ndiye ndikanene chiyani, mayi?" Amanditchula choncho akakhala kuti chikumbumtima chawagwira.

"Zoona zokhazokha, bambo. Kuti ndinu dalaivala, muli ndi banja lina, simungakwanitse."

Tinayeserera pomwepo, ine ndili wa boma, iwo akuyankha. Anakhoza zonse. Pomaliza maso awo anafiira. "Ndinakulakwira zambiri, mwana wanga. Ichi chokha ndiye ndikuchitira, ngakhale kugwe mvula ya miyala."

Ndinawakhulupirira. Ndinawathandiza ngakhale kupukuta magalasi a galimoto ija, ndikumva kukoma kuti nanenso lero ndili ndi bambo.

Tsiku lake ndinafika m'mawa. M'chipinda chodikirira munali mabenchi aatali, ndipo panakhala makolo ovala nsapato zopindika zidendene, ena atafumbata zipewa, onse chete ngati ali kuchipatala. Ndinawasungira malo bambo pambali panga.

Kenako panja panalira hutala. Mitu yonse inatembenukira pazenera. Galimoto yakuda, yaikulu, yonyezimira, inalowa pang'onopang'ono n'kuima pamthunzi, pansi penipeni pa zenera la ofesi imene tinkayenera kulowamo. Mlonda anathamanga kukatsegula chitseko chake, n'kumenya sawasha. Anatulukamo bambo anga, atatchena jekete yaimvi ndi tayi, makiyi ali zungulizunguli pachala.

Ndinathamangira panja.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?"

"Bwana ali pamsonkhano mpaka masana. Ndiye ndibwere wapansi ku ofesi ya boma? Ukufuna atiyese anthu wamba?"

"Ndife anthu wamba! Jeketeyi mwaitenga kuti?"

"Bwana anandituma kuti ndikaichapitse. Ndikapereka tikatuluka."

"Vulani, chonde."

"Sindingavule. Malaya am'katiwa anang'ambika kumsana."

Dzina langa linaitanidwa tisanamalize.

Mu ofesimo munali mayi wovala magalasi, tebulo lake lodzaza mafayilo. Ine masiku onse ankandilozera mpando ndi cholembera, osadzutsa mutu. Koma tsiku limeneli anayamba wasuzumira pazenera, kenako anaimirira n'kupereka mkono.

"Takulandirani, bwana. Khalani apa."

Ndinaona mapewa a bambo akukwera. Pa moyo wawo wonse iwo ndi amene amaimirira ena akamalowa, iwo ndi amene amati bwana. Anakhala pansi, mwendo pamwamba pa unzake, makiyi n'kuwaika patebulo kuti chizindikiro cha galimoto chioneke bwino.

"Mumagwira ntchito yanji, bwana?"

"Ndili m'zamayendedwe."

Ndinawaponda phazi. Analisuntha.

"Mwana wanuyu akuti mukulephera kumulipirira koleji. Ndi zoona zimenezi?"

Chitseko chinali chosatseka bwino, ndipo anthu a pa mabenchi aja ankamva zonse. Bambo anayang'ana kuchitseko, anayang'ana pazenera pamene panali galimoto, anayang'ana mayi uja. Ine yekha sanandiyang'ane.

"Kulephera? Ine?" Anaseka kuseka kwa anthu okhuta. "Ana a masiku ano, mayi, amangokonda zaulere. Ine ndili moyo, mwana wanga sangasowe kanthu."

"Akunama!" Mawu anatuluka okha. "Ndi dalaivala awa! Galimotoyo si yawo, jekete yomwe si yawo!"

"Mwamva mwanowo?" anatero bambo, akupukusa mutu mwachisoni. "Amake ndi amene amamuphunzitsa zimenezi. Tinasiyana, ndiye mukudziwa kale."

Mayi uja anavula magalasi n'kundiyang'ana momwe anthu amayang'anira munthu amene wagwidwa dzanja lili m'chikwama cha mnzake.

"Chemwali, panjapo pali ana amene alibe ngakhale wowaperekeza. Thandizoli ndi lawo. Inu thokozani Mulungu kuti muli ndi bambo otere."

Ndinapempha kuti aimbire bwana wa bambowo, kuti abwere adzaone kwathu, kuti angowauza avule jeketeyo aone kumsana. Anayankha kuti kholo lanena lokha pamaso pake, ndipo ngati ndili ndi dandaulo ndidzayesenso chaka chamawa. Malo anga ku koleji sakanadikira chaka chamawa. Anatseka fayilo yanga n'kuiika pansi, pambali pa mwendo wa tebulo.

Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma apa manyazi anali a mbewa ina, wofera kuunako n'kukhala ine.

Podutsa m'chipinda chodikirira, makolo aja anapinda miyendo kuti bwana adutse. Mkulu wina anandiyang'ana n'kutsonya. Sindinalire. Mkwiyo unali utaumitsa misozi yonse, ndipo chimene chinkandiwawa koposa chinali kukumbukira mmene ndinapukutira magalasi a galimoto imeneyo ndi manja angawa, ndikuimba.

Panja bambo anali akumwetulira ngati apambana mlandu.

"Waona mmene anandilandirira? Mayi wamkulu ngati uja, kuimirira!"

"Munalonjeza, bambo."

"Aaa, iwenso. Unkafuna ndidzivule pagulu? Ndinene kuti ndalephera, anthu onse aja akumva? Ukadzakula udzamvetsa."

"Chabwino. Mwanena kuti sindingasowe kanthu. Koleji akutsegulira mwezi uno. Mulipira liti?"

Makiyi anasiya kuzungulira. Anakanda kuseri kwa khutu, n'kuyang'ana wotchi imene inaima kalekale.

"Panopa zinthu zathina pang'ono. Tiona. Mulungu sataya wake."

Dzuwa linali litafika paliwombo, ndipo kwathu n'kutali. Ndinagwira chitseko cha galimoto.

"Ndiye tiyeni kunyumba. Mukawauze nokha amayi zimene mwanena m'katimu."

Anandichotsa dzanja mofulumira, akuyang'ana uku ndi uku.

"Iwe, ukufuna undichotsetse ntchito? Bwana salola kukweza anthu m'galimoto muno."

Anapisa m'thumba la jekete ya eni ake. Kwa kanthawi ndinaganiza kuti mwina akufuna andipatse kanthu kokwerera basi. Anatulutsa kansalu koyera, anauzira mpweya pachitseko, napukuta bwinobwino pamene ndinagwira.