Nambala Yoyamba ndi 01 3

Mayi Alefa, anansi anga ku Ching'ambo, ankadziwa manambala a foni mmene ena amadziwira mavesi. Anagwira ntchito yolumikiza mafoni pa ofesi ina m'tauni muno zaka khumi ndi zisanu, choncho nambala ikangooneka, ankakuuza komwe woimbayo wakhala. Kuwatsutsa kunali kudzitayitsa nthawi.

Mwana wawo Herbert atamaliza pa yunivesite, anapita kukapitiriza maphunziro ku Canada. Tsiku lina masana, mvula ya Januwale ili mkati, anawaimbira. Nambala inayamba ndi 01 3, ya mu Mzuzu mommuno. Mayi Alefa atangomva mawu ake anadula foni, n'kubwera kwanga nkhope itagwa.

"A Mabel, Herbert ali m'tauni muno. Wabwera osandiuza. Kaya amuchotsa sukulu, kaya akuchita nane manyazi."

Mtima unandiwawa, poti mwanayo anamulera okha. Masiku atatu anazungulira Chibanja ndi Salisbury Lines, kugogoda m'nyumba za lendi za ana a yunivesite, matope mpaka m'mawondo. Foni ikalira sankayankha. Ankati wabodzayo abwere alankhule nawo maso ndi maso.

Tsiku lachinayi Herbert anaimba pa foni yanga yoonetsa nkhope. Ndinathamanga nayo kwa Mayi Alefa.

"Amayi, nambala ija ndinaitenga pa intaneti kuti muzindiimbira ngati ndili pafupi."

"Usandiphunzitse ntchito yanga, iwe. Nambala imakhala pomwe pali waya wake."

Herbert sanatsutse. Anangotsegula chitseko n'kutembenuza foni. Abale inu! Msewu wonse mbee, madenga mbee, mitengo yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, chipale chofewa chikutsika mwakachetechete ngati ufa posefa. Kwathu dzuwa linali litapendeka, kumeneko kunali kukungocha kumene. Ndinangoti, "Chiuta wane!"

Mayi Alefa anakhala pansi pakhonde, foni ataigwira ndi manja awiri. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali osaphethira.

"Ndiye kuti nambala ili kuno, iwe uli uko," anatero chapansipansi. "Mafoni a intanetiwa aziwapatsa manambala awoawo, asamazunze anthu."

"Mwandikhululukira, amayi?"

"Sunalakwe." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Komatu bola dzulo. Ndinali wokwiya, koma ndimati uli pafupi. Vala chipewa, mwanangu. Kumeneko ine sindingafikeko wapansi."