Mutu Wosameta wa Agogo Luwiza

Ine za nsabwe ndinatopa nazo kalekale. Ana asanu adutsa pamiyendo yangayi, ndipo palibe amene sanabwere nazo kuchokera kusukulu. Ndiye amayi a mpingo atandisankha kuti ndizikathandiza kunyumba ya agogo ku Bangwe, mumtima ndinkati ndikukapuma.

Nyumbayo anaitsegula ndi adona Mildred, mmishonale wachizungu, chaka chomwe chija tinayamba matipate. Ankatola azigogo aakazi ogona m'makonde a masitolo ku Limbe, n'kuwapatsa bedi, bulangete ndi phala, pamwamba pake nyimbo ndi pemphero. Munthu wabwino ndithu, koma wa malamulo. Chinyanja chawo chinali choyendera ndodo, koma chinkafika.

Lachitatu lina ndikutsika minibasi ndinapeza mitu ikunyezimira pabwalo ngati zikho zotsuka. Blackson, wometa wa pamsika, anali akusesa tsitsi. Nsabwe zinali zitalowa m'nyumbamo, adona n'kulamula kuti mabulangete awiritsidwe ndipo aliyense ametedwe mpala.

Onse anameta kupatula agogo Luwiza. Iwowa anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo anzawo pobwerera kwawo nkhondo itatha, iwo anatsala. Ndinawapeza pakona atamanga duku mpaka m'makutu, manja onse awiri ali pamutu.

Adona anandikokera pambali. "Mayi a Brenda, lankhulani nawo. Ine ndalephera. Akapanda kumeta, nsabwe zibwerera kwa onse. Loweruka ameta, apo ayi bedi tipatsa wina. Kunja kuli amayi ambiri akudikira."

Sanalankhule mwankhanza ayi. Maso awo anali ofiira ndi kutopa ngati angawa.

Ndinakakhala pafupi ndi agogowo. "Agogo, tsitsi limamera. Bedi silimera."

"Wamwalira ndani?" anandifunsa.

"Palibe wamwalira. Ndi nsabwe basi."

"Kwathu munthu wamkazi sameta mpala chifukwa cha nsabwe. Timameta maliro akatha. Ndiye ine ndimetera ndani? Kalisto?"

Kalisto anali mwana wawo mmodzi yekhayo. Anasiyana pothawa, asanawoloke mtsinje wa Ruo, iye uku iwo uku.

"Palibe anaona mtembo wake," anatero. "Ndikameta, ndiye kuti ndamuika m'manda ndekha. Bola ndibwerere pakhonde."

Abiti Hamis, gogo wolongolola wogona bedi loyandikana ndi lawo, anali akumvetsera uku akusisita mpala wake. "Ine ndameta, chonsecho amuna anga atatu onse anapita kale. Kaya ndapheratu wachinayi ndisanamuone."

"Inu takhalani chete, mutu ngati dzira," anatero agogo Luwiza.

"Dzira logona pabedi, amwali. Inu mukafunda tsitsi lanulo mvula ikayamba."

Ndinabwerera kwa adona n'kuwafotokozera. Anamvetsa, anapukusa mutu mwachisoni, koma lamulo sanalisunthe. Apa pakamwa panga panandigulitsa.

"Mundipatse mpaka Loweruka lomwelo. Mukapezamo ngakhale imodzi, lumo ndigwira ndine."

Mawu atangotuluka ndinadzitukwana. Kunyumba zochapa zinali mulu, mandasi osakazinga, ndiye ndikudzitengera mutu wa eni ake.

M'mawa mwake ndinabwera ndi palafini wosakaniza ndi mafuta ophikira, ndi chipeso cha mano ang'onoang'ono. Ndinayala mphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, kutali ndi mbaula, n'kuwaika agogo pakati pa miyendo yanga. Atavula duku ndinangoti hii. Tsitsilo linali loyera, lambiri, lolukana ngati chisa cha mpheta. Chipeso sichinapitemo kuchokera tsiku lomwe anawoloka mtsinje, ndikhulupirira.

"Mukundipha, mwana inu."

"Musasunthe. Anga omwe ndinkawatere, ndipo onse ali moyo."

Posakhalitsa a mipala aja, posowa chokanda pamitu yawo, anayamba kusendera mmodzimmodzi. Wina kugwira chigawo ichi, wina icho, kusaka mazira n'kumaswa ndi zikhadabo. Nyimbo ya pa mapemphero a m'mawa anaiyambiranso pomwepo, ikumaduka pakati wina akapeza yaikulu.

"Taonani kunenepa," anatero Abiti Hamis. "Izi zimadya bwino kuposa ife."

Ina inatsetsereka n'kukwera pamkono panga.

"Imeneyo yasamuka chipani," anateronso Abiti. "Yaona kuli mafuta."

Ngakhale agogo Luwiza anaseka, mutu uli pansi.

Tinachita zimenezi mpaka Lachisanu, kupesa, kutsuka ndi sopo, kupesanso. Msana wanga unauma ngati thabwa. Kunyumba bambo a Brenda anadandaula kuti ndiwo zikununkha palafini, ndinawauza kuti mbaula siluma, akhoza kuphika okha.

Loweruka adona anabwera atavala magalasi. Polowa ndinaona kuti agogo Luwiza amanga kale kamtolo kawo n'kukaika pakhomo. Sanandikhulupirire, ndipo kunena zoona nanenso sindinkadzikhulupirira. Nsabwe si chinthu cholumbirira.

Agogo anakhala pamphasa. Adona anawerama, n'kuyamba kugawa tsitsi pang'onopang'ono, kuyambira pachipumi, kuseri kwa makutu, mpaka pankhongo. Anafufuza nthawi yaitali moti miyendo yanga inachita dzanzi. Ali chiweramire choncho, tsitsi lawo lalitali likulendewera pankhope pa agogo, anakweza dzanja n'kudzikanda kuseri kwa khutu. Anapitiriza kufufuza. Anadzikandanso.

Agogo Luwiza anali akuyang'ana m'mwamba. "Adona, taweramani pang'ono."

Adona anawerama, poyesa akufuna kuwanong'oneza. Agogo analowetsa zala ziwiri m'tsitsi muja, n'kutulutsamo kanthu, n'kukaika pachikhatho. Kankayenda bwinobwino, osafulumira.

Tonse tinakayang'ana. Ine ndinaluma mlomo.

"Blackson ali pamsika pompa," anatero Abiti Hamis mwaulemu wonse. "Ndikamuitane?"

Adona anafiira ngati tomato. Anagwira tsitsi lawo ndi manja awiri, chimodzimodzi mmene munthu amagwirira katundu m'minibasi.

"Ine sindingathe," anatero chapansipansi. "Amayi anga akhoza kulira akaona chithunzi."

"Ee," anayankha agogo Luwiza. "Aliyense ali ndi wake."

Adona anaseka mpaka kuvula magalasi. Anatembenukira kwa ine. "Mayi a Brenda, palafini watsala?"

"Watsala, koma ine msana watha."

Agogo Luwiza anali atatambasula kale miyendo, akumenya pamphasa ndi chikhatho. "Khalani apa, mwana wanga. Ndipatseni chipesocho."

Adona anakhala, n'kuweramitsa mutu. Agogo anagwira tsitsi, koma asanayambe anafunsa, "Nanga m'mutu mwangamu mwapezamo chiyani?"

"Palibe."

"Bedi?"

"Bedi ndi lanu, agogo. Koma musakoke kwambiri."

"Mukamasuntha ndikoka," anatero, n'kuthira palafini.