Msonkhano wa a Kesselby Onse

Apongozi anga, a Orval Kesselby, anabereka ana aakazi atatu, ndipo onse atakwatiwa anatenga mayina a amuna awo. Ine ndinakwatira wachiwiri, Marlys. Nthawi imene mdalayo ankalima tirigu nkhaniyi sinkamuvuta, chifukwa mlimi wa kuno ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, ali ndi zodandaula zomukwana kale: matalala, ziwala, mvula yobwera pa nthawi yokolola. Koma atandisiyira munda n'kusamukira m'tauni, mutu wawo unasowa chochita, ndiye unakagwira dzina.

Marlys ndi amene anawaphunzitsa kufufuza zinthu pa kompyuta, ndipo mpaka lero amadandaula. Mdalayo anapeza kuti pa dziko lonse lapansi anthu otchedwa Kesselby analipo atatu okha: iwowo, mlongo wawo wamkulu a Verna amene sanakwatiwepo, ndi msuweni wawo Floyd amene ankasungidwa kunyumba ya okalamba mumzinda wa Regina.

Poyamba ananyada nazo. M'mawa uliwonse kumalo omwera khofi ankauza madala anzawo kuti anthu a dzina la Olson ali ngati mpheta, ukaponya mwala kulikonse ugenda mmodzi, koma Kesselby sapezeka chisawawa. Akafunsidwa kumene dzinalo linachokera, yankho linkasintha malinga ndi sabata. Tsiku lina linali la mafumu a ku Denmark. Tsiku lina linali la mudzi wina wa ku Scotland umene unamira m'nyanja ndi anthu ake onse, kupatula agogo awo, amene ati anali atapita kukagula fodya.

Kenako nyengo yozizira ili pachimake, Floyd anamwalira. Tikubwerera ku maliro, apongozi ankangoyang'ana minda yoyera ndi chisanu njira yonse. Titayandikira kwathu anati, "Tatsala awiri, a Duane. Ndipo winayo ndi wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, mawondo anatha kale."

Sabata imeneyo anatiyendera ife akamwini atatu mmodzimmodzi, kutipempha kuti titenge dzina lawo. Kwa ine anabwera atanyamula botolo. Anati dzina langa la Hrycak limamveka ngati munthu watsamwa fupa la nsomba, komanso kwathu tilipo ochuluka moti pa Khirisimasi ana amadyera m'garaja, ndiye mmodzi atachokapo palibe angazindikire. Ndinawayankha kuti mayi anga angazindikire. Botolo lija anabwerera nalo.

Atalephera kwa ife, anaganiza kuti kompyuta ndi imene ikunama. Anati payenera kukhala a Kesselby ena kwinakwake, anthu a ulemu wawo amene sachita nawo za makompyuta. Choncho anakalipira chilengezo m'nyuzipepala ya alimi komanso pa wailesi ina imene imamveka mpaka kutsidya kwa malire, ku America. Mawu ake analemba okha: a Kesselby onse, akale ndi atsopano, kulikonse kumene ali, asonkhane mu holo ya m'tauni mwathu Loweruka lachiwiri la Julaye, ndipo amene sangathe kuima paokha anyamulidwe ndithu, malo alipo.

Ife tinkati sipabwera munthu. Koma foni inayamba kulira.

Apongozi anga khutu limodzi linagontha ndi phokoso la mathirakitala, ndipo pa foni amamva zimene akufuna. Tsiku lina anabwera ku munda nkhope ili ngwee, n'kutiuza kuti bambo wina wa ku North Dakota waimba, akuti ali ndi a Kesselby asanu ndi mmodzi. Marlys anafunsa ngati ndi ana ake. Anati sanamvetse bwino, koma onse amakhala m'shedi kuseri kwa nyumba, ndipo awiri ndi othyoka mikono. Wina wa ku Montana anali ndi mmodzi yekha, amene anam'peza atagona m'dambo, ndipo zikuoneka kuti anagonamo zaka makumi anayi.

"Bambo, mwamva bwino?" anafunsa Marlys.

"Ndamva. Umo ndi mmene akuwasungira anthu athu ku Americako. Ndawauza abwere nawo onse."

A Verna okha sanatekeseke nazo. Iwo amakhala m'kanyumba kawo kuseri kwa tchalitchi, ndipo atamva za msonkhanowo anangofunsa kuti aphike makeke a anthu angati.

Tsikulo linafika kukutentha. Amayi a kutchalitchi anali atayala matebulo, pali nyama ya nkhumba, mbatatesi, kabichi ndi mabanzi. Apongozi anavala suti imene anakwatitsira ana awo onse, n'kuima pakhomo la holo manja ali kumbuyo. Chakumasana tinaona fumbi ku msewu wochokera kumwera. Anali magalimoto a mabokosi kumbuyo, oposa khumi, ena akukoka ngolo. Ataima, munatsika madala a zipewa ndi akazi awo ochepa, n'kuyamba kumasula zingwe ndi kuvundukula malona.

Inali mijigo. Mijigo yakale yachitsulo, yopopa ndi dzanja, ina yopakidwa penti yofiira, ina yobiriwira, ina dzimbiri lokhalokha. Pakhosi pa uliwonse panali zilembo zoumbidwira m'chitsulo momwemo: KESSELBY.

Amene ankaoneka ngati mtsogoleri wawo anali bambo wamtali, wowonda, dzina lake Harlan Sorby, yemwe uja wa asanu ndi mmodzi. Anagwira dzanja la apongozi ndi manja onse awiri, n'kunena kuti wakhala akutolera mijigo imeneyi kuyambira ali mnyamata, ndipo sanaganizepo kuti tsiku lina wina adzaitanitsa msonkhano wake. Kenako anafunsa kuti iwo ali nayo ingati.

"Ingati chiyani?"

"A Kesselby."

"Ine ndine Kesselby," anatero apongozi.

A Harlan anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za ku Canada. Ataona kuti palibe wina akuseka, anapempha kuona chiphaso choyendetsera galimoto. Anachiyang'anitsitsa, anavula chipewa, n'kuitana anzake kuti adzaone. Madala aja anawazungulira apongozi ngati aona mjigo wa mtundu umene sanaumvepo. Mmodzi anafunsa ngati angawajambule.

Ndi a Harlan amene anafotokoza, mwaulemu ndithu, kuti munthu wotchedwa Kesselby sanakhaleko. Kale kwambiri ku Ontario kunali kafakitale kosungunula zitsulo ka anthu awiri, wina Kessel, wina Byland. Ankafuna kulemba mayina onse awiri pa mijigo yawo, koma khosi la mjigo linachepa, ndiye anadula dzina la wachiwiriyo. Fakitaleyo inapsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, ndipo mijigo yotsala pa dziko lonse siikwana makumi asanu ndi limodzi.

Apongozi anati zimenezo ndi zabodza, fakitaleyo iyenera kuti inaba dzina la agogo awo. Anatembenukira kwa a Verna, amene anali atakhala pa mpando pafupi ndi khomo akudula keke, kuti awathandize.

"Iwe Orval, khala pansi," anatero a Verna. "Bamboyu akunena zoona."

Anafotokoza osasiya kudula kekeyo. Agogo awo anabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja asakudziwa Chingerezi ngakhale liwu limodzi, n'kuyamba ganyu pa famu ya munthu wina. Tsiku lina kunabwera munthu wa boma wowerenga anthu, n'kuwapeza akupopa madzi a ng'ombe. Anawafunsa dzina kangapo. Agogowo, poona munthu wa thukuta akubwerezabwereza mawu amodzimodzi, anaganiza kuti ali ndi ludzu, ndiye anamenyamenya mjigowo ndi chikhatho kuti amwe. Wabomayo anawerama, anawerenga, analemba, n'kumapita. Atazindikira patapita zaka, agogo anaona kuti dzinalo anthu akulitchula mosavuta kusiyana ndi lawo lenileni, ndiye analisiya.

Apongozi anafunsa kuti nanga lenilenilo linali lotani. A Verna anati bambo awo anawauzapo kamodzi, koma anaiwala. Amangokumbukira kuti linali lalitali ndipo linkathera pakhosi.

"Ndiye achemwali, zaka zonsezi osandiuza?"

"Sunafunse. Komanso unkasangalala ndi mudzi wako womira uja."

Apongozi anatuluka. Anakalowa m'galimoto mwawo, n'kutseka mawindo onse dzuwa likuswa mtengo. Mu holo anthu anangoima, osadziwa ngati adye kapena apakire mijigo yawo. Marlys anandikankha kuti ndipite. Ndinalowa mbali inayo n'kukhala. Anali atagwira chiwongolero ndi manja awiri, thukuta likutsikira m'kolala, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa sindinawaonepo atafooka chonchi ngakhale chaka chimene matalala anatha tirigu yense. Kenako anandifunsa kuti mijigo yabwera ingati. Ndinatuluka kukawerenga, ndipo ndinapeza makumi anayi ndi umodzi.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye kuti tilipo makumi anayi ndi atatu," anatero, n'kutsegula chitseko.

Analamula kuti mijigo yonse ilowe mu holo. Tinainyamula awiriawiri, chifukwa chitsulo chakale n'cholemera, n'kuitsamiritsa m'mbali mwa matebulo, pakati pa mipando. Abusa anapempherera chakudya maso ali otsegula. Apongozi anawerenga mawu onse amene anakonzera abale awo osasintha ngakhale pamodzi, kuphatikizapo ndime yonena kuti ngakhale tabalalika, tikaonana timadziwana ndi nkhope. Pojambula chithunzi, othyoka mikono anawaika kutsogolo pamodzi ndi a Verna. Uja wogona m'dambo apongozi anaima naye pafupi, dzanja lili paphewa pake, ndipo pambuyo pake anandinong'oneza kuti ukamuyang'ana cham'mbali akufanana ndi Floyd.

Tinkati nkhani yathera pomwepo. Koma a Harlan, amene mkazi wawo anamwalira kalekale, anayamba kuwoloka malire pafupipafupi. Ankati akufufuza famu imene agogo aja ankagwirapo ganyu, mwina mjigo weniweniwo ukadalipo. Famuyo sanaipeze. Chimene tinkaona ife ndi galimoto yawo itaima kuseri kwa tchalitchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Titangomaliza kukolola, a Verna anatiitana n'kutiuza kuti akukwatiwa.

Apongozi anakana kuti sadzapita ku ukwatiwo. Anati munthu wa zaka zimenezo alibe chifukwa chotayira dzina, ndipo a Verna akakhala Mayi Sorby ndiye kuti iwo atsala okha pakati pa zitsulo. A Harlan atamva anabwera kudzawaona, chipewa chili m'manja. Ananena kuti a Sorby ku North Dakota aliko ambiri, ndipo ngati a m'banjamo angalole, iwo ndi amene akufuna kusintha dzina. Kuyambira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, anatero, palibe dzina limene analikonda kuposa limeneli.

Apongozi analira. Anawatcha mlamu, anawagulira jekete, ndipo pa tsiku la ukwati ndi iwo amene anayenda ndi a Verna mpaka kuguwa, pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo aja.

Zinasokonekera pa madyerero. A Harlan ataimirira kuti athokoze, ananena kuti popeza tsopano ndi wa m'banjamo, pali kanthu kakang'ono kamene wakhala akufuna kukonza. Dzinali, anatero, anthu a kuno amalitchula molakwika. Theka lachiwirilo linachokera kwa Byland, amene ankatchulidwa kuti Bailandi, choncho si Keselibi ayi, koma Keselibai.

Apongozi anaika foloko pansi. Anati iwo akhala Keselibi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, bambo awo anafa ali Keselibi, ndipo sangaphunzitsidwe dzina lawo ndi munthu amene walivala lero m'mawa. A Harlan anayankha mofatsa kuti akumvetsa, koma agogo aja sankadziwa kuwerenga, pamene iwo nkhaniyi aifufuza moyo wawo wonse.

"Vulani jekete langa," anatero apongozi.

A Harlan anavuladi, n'kumaliza mawu awo othokoza ali m'malaya okha.

Papita zaka ziwiri tsopano, ndipo awiriwo salankhulana. Tikakumana pa chakudya, wina amakhala kumapeto uku, wina kumapeto uko, ndipo mchere umadutsira kwa ine. A Verna amayankha, kaya aitanidwa Keselibi kaya Keselibai. M'tauni anthu anagawikana: a ku positi ndi a ku banki amati bi, koma dokotala watsopano ndi achinyamata a kogulitsira mafuta anatengera a Harlan, ati bai ikumveka bwino.

Chilimwe chathachi apongozi anaona kuti akadzafa sipadzakhala wowayankhira. Anapita kwa wosema miyala ku Regina, n'kukonzetsa mwala wa pamanda awo, wolembedwa dzina, chaka chobadwa, ndipo m'munsi mwake katchulidwe kake m'zilembo zikuluzikulu. Anauimika kale kumanda, ndipo Loweruka lililonse amapita kukatchetcha udzu pozungulira pake. Sabata yatha Marlys anamva kwa mlembi wa tchalitchi kuti a Harlan agula malo oyandikana nawo, ndipo afunsa nambala ya foni ya wosema miyala yemweyo. Tagwirizana kuti apongozi tiwauza tikamaliza kukolola.